Abusa a Mbalame za Pazisumbu

Makolo anzathu ndi inu acinyamata, mwezi uno tikambirane za nchito ina imene siichulidwa kawirikawiri pamene banja likhala pansi kulingalira za tsogolo la mwana. Tonse tidziwa uphunzitsi, unamwino, ukalaliki, usilikali ndi nchito za kumigodi, ndipo mwana akasankha imodzi mwa izi mitima yathu ikhala pansi. Koma mwana atati, "Atate, ine ndifuna kukasunga mbalame zakuthengo," ambiri a ife tingayambe kukaika ngati mutu wake uli bwino. Pakuti kwa ife mbalame ndi ndiwo, kapena ndi mdani wa mapira kumunda, ndipo mwana wodziwa mbalame ndi uja woyenda ndi legeni m'khosi ndi ulimbo m'cigoba. Komabe pa dziko lino alipo amuna ndi akazi ophunzira bwino amene atha moyo wao wonse akulera mbalame zimene sadzadya ndipo sadzagulitsa. Ambiri a iwo agwira nchito pazisumbu za pakati pa nyanja zamcere. Ife tawacha abusa a mbalame, cifukwa adziwa zoweta zao imodziimodzi, ndipo imodzi ikasowa sagona tulo.

Cifukwa ninji pazisumbu?

Ife a dziko la pakati pa mtunda tikamva za cisumbu tiganiza za Chilubi pa nyanja ya Bangweulu, kumene munthu afika ndi bwato tsiku lomwelo. Zisumbu zimene tikunena pano nzosiyana. Zina zili pa mtunda wa makilomita mazanamazana kucokera ku dziko lalikulu, ndipo kwa zaka zosawerengeka kunalibe mphaka, khoswe, galu, nkhumba, ngakhale munthu. Zamoyo zimene zinafikako ndi zokhazo zotha kuuluka, kusambira kapena kutengedwa ndi mafunde. Motero mbalame za kumeneko zinakhala mwaufulu. Zina zinazolowera kuikira mazira pansi poyera, zina zinaleka kuuluka popeza panalibe cothawa, ndipo zambiri ziikira dzira limodzi kapena awiri cabe pa caka. Mantha, amene ndiwo cishango ca mbalame ya kwathu kuno, izo sizinawadziwe.

Tsono kunabwera zombo. Pa cisumbu ca Mauritius, cimene cili m'nyanja ya India pa mtunda wa makilomita ngati 2,000 kucokera ku gombe la Africa, panali mbalame yaikulu yosauluka yochedwa dodo. Amalinyero a ku Holland anafikapo m'caka ca 1598, ndipo caka ca 1662 ndico cimene anthu ambiri ophunzira avomereza kuti dodo anaoneka komaliza. Anthu anadyako ena, koma nkhumba, makoswe ndi apusi obwera ndi zombo ndiwo anali kutha mazira. Zaka 64 zokha zinakwanira kufafaniza mtundu wonse, ndipo madzi akatayika saoleka. Mwa mitundu ya mbalame imene yatheratu kuyambira caka ca 1500, yoculuka koposa inali ya pazisumbu. Ndico cifukwa cake akatswiri a zamoyo athamangira kumeneko, monga madokotala athamangira kumene kwagwa mliri.

Mnyamata wotumidwa kukatseka nchito

Pa Mauritius pomwepo pali kabawi wamng'ono, wa msinkhu ngati wa njiwa, amene sapezeka kwina kulikonse. Cakudya cake cacikulu ndi abuluzi obiriwira a m'mitengo. Nkhalango zitadulidwa kuti pakhale minda ya nzimbe, ndipo mankhwala a DDT atapoperedwa polimbana ndi udzudzu wa malungo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, kabawiyu anayamba kutha. Mankhwalawo anali kulowa m'tizilombo, kucoka apo m'abuluzi, kenaka m'thupi la mbalame, kotero kuti mazira ambiri sanali kuswa ana. Ndipo otsalawo apusi anali kuwaba. M'caka ca 1974 akabawi odziwika kuthengo anali 4 okha. Katswiri wina wochuka, Norman Myers, analemba m'buku lake la 1979 kuti kunali kwanzeru kumtaya kabawiyu ndi kupereka ndalamazo ku zamoyo zina zimene zinali ndi mwai wopulumuka.

Caka comweco kunafika mnyamata wa ku Wales dzina lake Carl Jones, wobadwa mu 1954. Kuyambira ali mwana iye anali kuweta akabawi kuseri kwa nyumba ya makolo ake, ndipo atakula anakaphunzira za zamoyo ku koleji. Bungwe limene linamtuma linali litataya kale mtima, ndipo linamuuza kuti akakhaleko kanthawi, atseke nchitoyo mwaulemu, n'kubwerako. Iye sanaitseke. Anayamba kukwera matanthwe kumene akabawi anali kuikira, n'kutenga mazira oyamba kukawaika m'makina otenthetsa mazira. Nzeru imeneyi amai athu aidziwa bwino: ukamcotsera thadzi mazira, apitiriza kuikira. Cotero mbalame imodzi inali kupereka ana a zisa ziwiri pa caka m'malo mwa cisa cimodzi. Ana oswedwa m'nyumbawo anali kuwadyetsa ndi manja, kenaka kuwabwezera kuthengo ndi kumawapatsabe cakudya mpaka ataphunzira kusaka okha. Anakhomanso mabokosi oikiramo mazira amene pusi sangalowetsemo dzanja, nachera misampha ya makoswe, amphaka ndi alikongwe.

Anamthandiza ndi Gerald Durrell, mwini malo osungirako nyama pa cisumbu ca Jersey, ndipo mu 1984 kunakhazikitsidwa bungwe la Mauritian Wildlife Foundation, limene likali kugwira nchitoyi. Pofika ca m'ma 1993 akabawi oposa 300 anali atabwezeredwa kuthengo. Njira zomwezo zinapulumutsa nkhunda yofiirira ya pa cisumbuco, imene inatsala ngati 10 kuthengo m'caka ca 1990 koma lero ili m'mazana, ndiponso cinkhwe cobiriwira cimene m'zaka za m'ma 1980 cinatsala ngati khumi ndi ziwiri, koma pofika 2019 cinapitirira 700. Mu 2016 Jones analandira mphotho yaikulu yochedwa Indianapolis Prize, ndipo mu 2022 boma la Mauritius linalengeza kuti kabawi uja ndiye mbalame ya fuko lao. Koma tisaiwale kuti mu 2014 kabawiyu anabwezeredwa pa mndandanda wa mbalame zimene zili pangozi ya kutha, popeza ciwerengero cake cinayambanso kutsika. Munda wa mtundu uwu sulimidwa kamodzi.

Mazira a nkhanga pansi pa nkhuku

Ku New Zealand kunali Don Merton, wobadwa mu 1939, amene analowa nchito m'dipatimenti ya boma yoona za nyama zakuthengo mu 1957 ali ndi zaka 18, monga wophunzira nchito wamba. Iye sanayambire ku yunivesite. Anayambira kunyamula katundu m'nkhalango. Mu 1964 kunamveka kuti makoswe otuluka m'mabwato alowa pa cisumbu ca Big South Cape, cimene eni ake a mtundu wa Maori acicha Taukihepa. Akatswiri ena a nthawi imeneyo anati palibe cifukwa cothamangira, makoswe ndi mbalame zidzazolowerana. Merton ndi mkulu wake pa nchito, Brian Bell, sanakhulupirire zimenezo. Anagwira mbalame 36 za mtundu wochedwa saddleback n'kuzisamutsira pa tizisumbu topanda makoswe, ndipo mtunduwo ulipo mpaka lero. Koma mitundu ina iwiri ya mbalame ndi mtundu umodzi wa mleme zinatheratu. Kuyambira pamenepo Merton anadziwa kuti wodikira adzapeza maliro.

Nchito yake yochuka koposa inali pa zisumbu za Chatham, makilomita ngati 800 kum'mawa kwa New Zealand. Kumeneko kuli kambalame kakuda bii kochedwa black robin. Tonse totsala tinali pamwamba pa kacisumbu ka Little Mangere, kozingidwa ndi maphompho, m'kankhalango kamene kanali kuuma. Mu 1976 ndi 1977 Merton ndi anzake anakwera maphomphowo, natsitsa timbalame 7 tonse n'kutiolotsera pa cisumbu ca Mangere. Pofika 1980 tinatsala 5, ndipo mwa ito kakakazi kamodzi kokha ndiko kanali kuswa ana. Anakacha Old Blue, cifukwa ca mtundu wa mphete imene anakaveka kumwendo.

Merton anakumbukira kuti ali mwana anaikapo tiana ta mbalame yakuthengo m'cisa ca mbalame yoweta ya agogo ake, ndipo inatilera. Ndi cimodzimodzi cimene ticita kumudzi poika mazira a nkhanga pansi pa nkhuku. Anatenga mazira a Old Blue n'kuwaika m'zisa za timbalame ta mtundu wina, kuti iye aikirenso. Olera oyamba anali kuswa mazirawo koma sanathe kukuza ana kupitirira masiku 10. Anayesa mtundu wina wochedwa tomtit pa cisumbu ca Rangatira, ndipo unatha. Koma panabukanso vuto: ana oleredwa kwa eni anali kudziyesa a mtundu wa owalerawo, osafuna kukwatirana ndi anzao. Cotero kunali kofunika kuwabwezera m'zisa za mtundu wao asanayambe kuuluka. Old Blue anakhala zaka zoposa 13, pamene anzake ambiri akhala zaka 4 cabe, ndipo timbalame tonse ta mtunduwu tili moyo lero, toposa 250, ndi zidzukulu zake.

M'nkhani imeneyi muli phunziro lina. Timbalame tina tinali kuikira dzira m'mphepete mwa cisa, pamene silingafungatiridwe. Anchito, pomva cifundo, anali kulikankhira pakati. Ana oswedwa m'mazira otero anatengera khalidwe lomwelo, kotero kuti pofika 1989 zazikazi zoposa theka zinali kuikira m'mphepete. Ataleka kukankha mazira, khalidwelo linacepa. Mbusa wabwino ayenera kudziwa nthawi yogwira ndi nthawi yocotsa dzanja. Makolo tonse tidziwa kuvuta kwake kwa zimenezi. Merton anathandizanso pa nchito ya ku Mauritius ndi ku Seychelles, ndiponso pa cinkhwe cacikulu cosauluka ca kwao cochedwa kakapo, cimene mu 1995 cinatsala 51 koma mu 2022 cinapitirira 250. Iye anamwalira mu 2011.

Moyo wonse pa mbalame imodzi

Pa zisumbu za Bermuda, m'nyanja ya Atlantic, pali mbalame ya m'nyanja yochedwa cahow, imene iikira dzira limodzi pa caka m'una ngati wa mbewa, ndipo ibwera kumtunda usiku wokha. Anthu oyamba kukhala kumeneko anaidya kwambiri pa nthawi ya njala, nkhumba ndi makoswe zinathandizira, ndipo kuyambira ca m'ma 1620 aliyense anati yatheratu. Patapita zaka zoposa 300, mu 1951, akatswiri awiri, Robert Cushman Murphy ndi Louis Mowbray, anapita kukafufuza pa timiyala ta m'nyanja, natenga mwana wa sukulu wa zaka 15 dzina lake David Wingate, cifukwa anali kudziwika kuti akonda mbalame. Anaipeza ili moyo. Mabanja onse otsala sanapitirire 18.

Tsiku limenelo ndilo linasankha nchito ya mwanayo. Anapita kukaphunzira za zamoyo ku yunivesite ya Cornell ku America, nabwerera kwao mu 1958. Anapeza kuti mbalame ina yaikulupo inali kulanda mauna ndi kupha ana a cahow. Mankhwala ake anali a mmisiri wa matabwa: thabwa lobooledwa pa mlingo woti cahow alowe koma mdani wakeyo akanike. Anaumbanso mauna a simenti. Mu 1962 anasamukira pa kacisumbu kouma ka Nonsuch, nayamba kubzalapo mitengo yacibadwidwe zikwizikwi, kukonzera mudzi mbalame zimene panthawiyo kunalibe. Anapuma pa nchito m'caka ca 2000 mbalame zisanafikebe. Wolowa m'malo mwake, Jeremy Madeiros, anasamutsira pa Nonsuch ana oposa 100 pakati pa 2004 ndi 2008, nawadyetsa ndi manja mpaka anauluka, pakuti cahow abwerera kukaikira kumene anaulukira. Mwana woyamba anaswedwa pa Nonsuch mu 2009, patapita zaka 47 cibzalire Wingate mitengo yoyamba. Lero mabanja a cahow apitirira 150. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Sikuti nthawi zonse mbalame ifuna kugwidwa ndi manja. Ku Seychelles, kambalame kochedwa warbler kanatsala osakwana 30 pa cisumbu ca Cousin, cimene cinali munda wa kokonati. Mu 1968 bungwe limene lero lichedwa BirdLife International linagula cisumbuco, nilileka nkhalango kuti imerenso. Timbalame titaculuka, tina tinasamutsidwira pa zisumbu zina zinai, ndipo lero tiposa 3,000. Cisumbuco cisungidwa ndi bungwe la eni dziko, Nature Seychelles. Mfundo imeneyi njofunika: alendo angayambitse nchito, koma oipitiriza ndi ana a pamudzi.

Nchito ya tsiku ndi tsiku

Tisanamize ana athu kuti nchitoyi ndi yongoyenda pandege ndi kujambulidwa zithunzi. Maina amene tachula ndi ocepa. Kumbuyo kwao kuli anthu mazanamazana amene maina ao sadzalembedwa m'buku. Tsiku lao liyamba kusanace. Munthu ayenda m'matope ndi m'minga kukaona zisa zimene anapatsidwa, nalemba m'kabuku kuti cisa cakuti muli mazira angati, mwana wakuti alemera magalamu angati, mbalame ya mphete yakuti yakwatirana ndi iti. Adzaza ziwiya za cakudya, azitsuka ndi mankhwala kuti matenda asafale, ayendera misampha, acotsamo makoswe oola, azula zomera zacilendo zimene zitsamwitsa nkhalango. Madzulo akhala pa kompyuta kulowetsamo ziwerengero za tsikulo. Mawa cimodzimodzi, mkuja cimodzimodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Masiku ano zida zaculuka. Pali timakina tating'ono tomangirira pa mbalame toonetsa kumene yapita, makamera oyang'ana m'cisa usana ndi usiku, agalu ophunzitsidwa kununkhiza makoswe, ndi kupima magazi kuti adziwe mbalame zapacibale, popeza mtundu ukacepa kwambiri ukwati wa pacibale ufooketsa ana. Koma cida cacikulu cikali diso la munthu wodekha ndi dzanja losanama polemba. Wolemba kuti anaona cisa pamene anagona m'tenti kuopa mvula, aononga nchito ya anzake ya zaka zambiri.

Palinso kusungulumwa. Cisumbu ca Marion, ca dziko la South Africa, cili makilomita ngati 2,000 kucokera ku Cape Town, kumalo a mphepo ndi cisanu. Acinyamata opita kukawerenga mbalame kumeneko asiyidwa ndi combo, nakhala koposa caka cathunthu mpaka combo cibwerenso. Kwao kukagwa maliro kapena ukwati, angomva uthenga. Kunena za malipiro, nchito zambiri za mtundu uwu ndi za pangano la caka cimodzi kapena ziwiri, zodalira thandizo la opereka ndalama, ndipo ambiri ayamba mwa kugwira modzipereka, kulandira cakudya ndi pogona cabe. Amene afuna galimoto ndi nyumba ya malata msanga ayang'ane kwina. Walira mvula walira matope.

Funso lovuta

Wina adzafunsa kuti, "Kodi munthu wokonda zamoyo angathe bwanji moyo wake akupha makoswe ndi amphaka?" Funsoli nloyenera, ndipo eni nchitowo adzifunsa. Pa Marion pomwepo, amphaka 5 anabweretsedwa mu 1949 kuti agwire mbewa za m'nyumba. Pofika 1977 anali ngati 3,400, ndipo anali kupha mbalame za m'nyanja zikwi mazanamazana caka ciliconse. Panapita zaka zambiri za nchito yowawa kufikira mphaka womaliza anacotsedwa mu 1991. Mbewa zija zinatsala, ndipo tsopano zidya ana amoyo a mbalame zikuluzikulu zochedwa albatross, amene sadziwa kudziteteza.

Ife tiona motere. Khoswe ndi mphaka apezeka pa dziko lonse, koma mbalame ya pacisumbu ili ndi mudzi umodzi wokha, ndipo ukapasuka ilibe kothawira. Ndiponso zilombozo sizinasambire zokha. Anazitengera kumeneko ndi anthu. Amene mbuzi zake zalowa m'munda wa mnzake sangaime patali nkunena kuti mbuzi nazo zili ndi njala. Cofunika ncakuti nchitoyo icitike mwanzeru, mopanda nkhanza, ndipo pokhapokha palibe njira ina. Nthawi zina itheka: cisumbu cacikulu ca South Georgia, kumene nyambo ya poizoni inamwazidwa ndi helikoputa pakati pa 2011 ndi 2015, cinalengezedwa kuti cilibenso makoswe mu 2018, ndipo mbalame zabwerera. Nthawi zina ikanika: pa cisumbu ca Gough, atakonzekera zaka zambiri ndi kuononga ndalama zoculuka, anamwaza nyambo mu 2021, koma caka cisanathe kamera inajambula mbewa yamoyo. Taganizani mtima wa anthu amene anaona cithunzi cimeneco. Amene sangathe kupirira tsiku lotero ndi kuyambanso, nchitoyi si yake.

Njira yoloweramo

Nanga mwana wofuna nchito imeneyi ayambire pati? Coyamba ndi sukulu. Alimbikire sayansi ya zamoyo, komanso masamu, pakuti ziwerengero ndizo ziuza ngati mtundu ukukula kapena ukutha. Ndiponso Cingerezi, pakuti adzalemba malipoti ndi makalata opempha thandizo. Pambuyo pake pafunika dipuloma kapena digiri ya za zamoyo, za nkhalango kapena za kasungidwe ka nyama zakuthengo. Kuno kwathu maphunziro otere apezeka ku Copperbelt University ndi ku University of Zambia. Ku Tanzania kuli koleji ya Mweka, imene yakhala ikuphunzitsa osunga nyama a maiko a Africa kuyambira 1963. Ndipo bungwe limene anasiya Durrell ku Jersey lili ndi sukulu imene yaphunzitsa anthu a maiko ambiri luso lopulumutsa mitundu yotsala pang'ono kutha. Amene afuna kudzatsogolera kafukufuku apitirire mpaka digiri yaciwiri ndi yacitatu.

Caciwiri ndi luso la manja. Taona kuti Wingate anapambana ndi thabwa ndi simenti, Jones ndi cingwe cokwerera matanthwe, Merton ndi nzeru ya paubwana. Wodziwa kukhoma bokosi, kukonza injini ya bwato, kufesa mbeu za mitengo, kuphika ndi kukhala bwino ndi anzake m'msasa wopanikiza, aposa wa mapepala okhaokha. Apa mwana wa kumudzi, amene anakula akuchera misampha, kulondola mapazi a nyama ndi kusiyanitsa mbalame ndi kulira kwake, ali kale patsogolo pa anzake a m'tauni. Ndipo sikuti onse ayenera kukhala akatswiri a sayansi: mutu umodzi susenza denga. Pafunika madokotala a zinyama, osamala nazale, oyendetsa mabwato, osunga ndalama, ndi aphunzitsi ouza ana a sukulu cifukwa cake mbalameyo ili yao.

Cacitatu, palibe amene aitanidwa ku cisumbu asanaonetse kukhulupirika kwao. Zambia alibe nyanja yamcere, koma luso ndi limodzimodzi. Ku madambo a Bangweulu asodzi alembedwa nchito yolonda zisa za mbalame yaikulu ya mlomo ngati nsapato, yochedwa shoebill, imene ana ake abedwa ndi ogulitsa kunja. Bungwe la BirdWatch Zambia liwerenga ndi kuteteza mbalame za dziko lino. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ayamba kusambira m'dziwe la kwao.

Mau kwa makolo

Mwa anthu atatu amene tafotokoza mbiri yao, aliyense anayamba ali mwana, ndipo aliyense anali ndi wamkulu amene sanamseke: makolo olola zitatanga kuseri kwa nyumba, agogo obwereketsa mbalame yao, akatswiri opatsa mwana wa sukulu malo m'bwato. M'mera mpoyamba. Sitikunena kuti mwana aliyense wokonda mbalame adzapeza nchito imeneyi, pakuti malo ake ngocepa ndipo njira yake njaitali. Koma mwana wophunzira kuyang'anitsitsa, kuwerenga ndi kulemba zoona zokhazokha sadzasowa pogwira, kaya pa ulimi, pa zaumoyo kapena pa uphunzitsi.

Cotero ngati pakhomo panu pali mwana wotere, m'malo momkalipira kuti ataya nthawi, mgulireni kabuku ndi pensulo. Alembe mbalame zimene aona, tsiku ndi malo, mwezi umene zibwera ndi mwezi umene zicoka. Mtumeni kwa agogo ake akafunse maina ake m'cinenero cathu, ndiponso akafunse kuti ndi mbalame ziti zinali zoculuka iwo ali ana zimene lero sizionekanso. Yankho la agogo lingatidabwitse tonse. Pakuti nkhalango zathu nazo zikucepa ndi nkhwangwa ndi makala, ndipo zotsalazo zikusanduka tizisumbu pakati pa minda. Tsiku likudza pamene luso la abusa a pazisumbu lidzafunika pa mtunda pano, ndipo kudzakhala bwino ngati odziwa lusolo adzakhala ana athu omwe.